Mzere wa Fernande

Fernande ndinakhala naye moyandikana kuyambira tonse tikadali ndi mano athuathu. Nyumba zathu zinali kumunsi kwa mudzi, kumene matope a m'minda ya mpesa amathera mvula ikagwa, ndipo mpanda wotilekanitsa unali wolekeza m'chiuno, wongokwanira kupatsirana mchere ndi miseche. Anali mayi wamfupi, wa manja okhakhala, wosaseka zopanda pake. Ntchito yake inali ngati yanga, kumangirira nthambi za mpesa kuwaya m'minda ya eni, ndipo chisanu chikafika tinkalowa m'fakitale kukamata mapepala pamabotolo a shampeni, vinyo wathovu amene ifeyo tinkamulawa paukwati pokha. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo Maryse asanayambe n'sukulu yomwe. Anthu akamuuza kuti akwatiwenso, ankangoti, "Masokosi a munthu mmodzi ndinachapa, andikwana."

Komatu Fernande sanabadwire kumunsi ayi. Bambo ake, mdala Eusèbe, anali ndi munda wawo paphiri, ndi phanga lawo losungiramo mabotolo, ndipo dzina lawo linkalembedwa pabotolo. Chaka chimene Fernande anabadwa, mdalayo anabzala mzere umodzi wa mpesa pamwamba penipeni, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo mudzi wonse unkautchula kuti mzere wa Fernande. Fernande mwiniwakeyo ndi amene ankaudulira, kuupalira ndi kuukolola. Kuphanga kokha ndiko sankaloledwa kutsikira. Akuluakulu a nthawi imeneyo ankati mkazi akalowa m'phanga vinyo amasasa. Zopusa zedi, koma ndani akanawatsutsa? Ndiye mtsikanayo ankakhala pamasitepe, chibwano chili pamaondo, kusuzumira mmene bambo ake ankaphunzitsira mchimwene wake wamkulu, Anselme.

Anselme ameneyu, Mulungu andikhululukire, sindinamukondepo ngakhale tsiku limodzi. Mdala atayamba kuiwala mayina a ana ake omwe, Anselme anawaveka jekete n'kuwakweza galimoto kupita nawo kwa maloya kutauni. Pobwerako, munda, phanga ndi dzina lapabotolo, zonse zinali za Anselme. Fernande anapatsidwa kanyumba kakumunsi kaja ndi khola la bulu, kuseri kwake kumene ankatayako masese a mphesa akatha kufinya. Tsiku loika maliro a mdala, anthu tikudya kabichi wophikira nkhumba, Fernande anafunsa mofatsa kuti nanga mzere wake uja.

"Mlongo, vinyo ndi wa ana aamuna," anatero Anselme, kukamwa kuli nyama. "Iwe takupatsa nyumba. Komanso masese uli nawo pakhomo, uzithira m'dimba lako la kabichi."

Ena anaseka, pamaliro pomwepo, abale inu. Fernande anaimirira. Anatola mbale n'kukazitsuka, ndipo mawu amenewo anawasunga kukhosi mpaka tsitsi lake linachita imvi.

Kwathu kuno mwana akabatizidwa, agogo ake amaviika chala m'vinyo wathovu n'kumunyowetsa milomo. Dontho loyamba ndi limene limawerengedwa, ena onse odzabwera pambuyo ndi kumwa chabe. Ndipo limayenera kuchokera m'munda wa pabanja, kuti mwanayo adziwe kwawo. Opanda munda amakapempha kwa wachibale amene ali nawo, ndipo wachibaleyo amadzayenda moyo wonse akunena kuti, mwana uyu analawa wathu.

Maryse atakula anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mathirakitala. Vinyo wapaukwati anapereka ndi Anselme, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense wadziwa. Chakumapeto kwa phwando mkazi wake Huguette, mphete zili mbuu m'zala, anagwira Fernande paphewa n'kulankhula mokweza kuti ndi ophika omwe amve.

"Alamu, za ubatizo musade nazo nkhawa. Mdzukulu akadzabwera tidzabweretsanso botolo. Nanga mwana n'kumunyowetsa milomo ndi madzi a pampopi?"

M'mawa mwake ndikuyanika zovala, ndinangomva pampanda, "Ginette!" Ndinapeza Fernande atagwira mpandawo ndi manja onse awiri, zovala zaukwati asanavule.

"Ndikulumbira pali manda a mayi anga," anatero. "Vinyo wa Anselme sadzakhudza mlomo wa mdzukulu wanga."

"Nanga udzatenga wa ndani? Wogula m'sitolo ndiye manyazi oposa."

"Wa mu mzere wanga."

"Iwe, mzere uti? Wayamba misala?"

Sanali wamisala. Kukolola kukatha, eni minda akalengeza kuti amaliza, aliyense amaloledwa kulowa m'munda uliwonse kukakunkha. Zimene zimatsala ndi timphesa ta kunsonga, tochedwa kupsa, towawasa, timene okolola amatidutsa dala. Amakunkha ndi amphawi enieni, ndipo amapita m'mamawa kuti asaonedwe. Fernande anadikira dzuwa lifike pamutu, anthu ali pakhomo pa sitolo yabuledi, ndipo anadutsa pakati pa mudzi ndi dengu pamsana, kukwera mpaka kumzere wake. Ine ndinamutsatira ndi dengu langa, nanga ndikanatani. Tisanadzaze ngakhale theka, Anselme anatulukira, akupuma wefuwefu.

"Iwe Fernande, ukundichititsa manyazi! Mwana wa Eusèbe kumakunkha ngati wopemphapempha?"

"Kukunkha n'kwa amphawi, achimwene, ndipo anandisandutsa mmphawi ndinu. Patukani, mwaponda mphesa zanga."

"Mphesa zimenezo ngakhale mbalame zazikana. Uchita nazo chiyani?"

"Mudzaona."

Tinakunkha mzere wokhawo, mpesa ndi mpesa, osasiya ngakhale kamphesa kamodzi. M'mizere ina sanalole kuti ndithyolemo. Chisanu chitafika, tsiku lina tikupita kufakitale, tinamva thirakitala ikulira pamwamba paphiri. Anselme ankazula mzere wa Fernande. Kubala, komwera mowa, ankauza anthu kuti mipesayo inakalamba, sinkaberekanso bwino. Bodza! Mizere yoyandikana nawo inali yakale kuposa pamenepo, koma sanaikhudze. Zitsazo anaziunjika n'kuziyatsa, ndipo utsi wake tinkauonera pakhonde pathu. Ine ndinatukwana mpaka mawu anandithera. Fernande anangoima, manja ali m'thumba la epuloni, kenako anati, "Ndiye kuti amene ali m'kholamo ndi womaliza."

M'kholamo munalidi vinyo. Popeza analibe chofinyira, mphesa zija anaziika m'nsalu za mapilo, n'kuzipana pakati pa matabwa awiri ndi jeke wa galimoto ya malemu mwamuna wake. Madzi ake anawathira m'zibotolo zikuluzikulu zagalasi, ndipo anawira bwinobwino. Atandipatsa kuti ndilawe, mano anga anachita dzanzi.

"Uyu ndi vinyo kapena mankhwala otsukira mapoto?" ndinamufunsa.

"Wa bambo ankawawasanso chonchi asanalowe m'botolo. Sukudziwa kanthu iwe."

Mabotolo ankakatola kuseri kwa bala, otha kale ntchito, ndipo ambiri anali a Anselme yemweyo. Ankawaviika m'beseni n'kumapala dzina lake ndi mpeni, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Sindinamuonepo akukondwa choncho.

Kuti vinyo achite thovu, umamuthira shuga ndi yisiti, n'kumutsekera m'botolo kuti awirenso kachiwiri. Mpweya ukasowa kotulukira umakhala m'vinyomo. Zimenezi mwana aliyense kuno amadziwa, koma muyeso wa shuga ndi umene Fernande sakanauona ali pamasitepe paja. Ndiye anabwera kudzafunsa amuna anga, a Norbert, amene anagwira ntchito m'mapanga a eni mpaka msana unapindika. Iwo anatenga kapu n'kumuonetsa pofikira.

"Apa, amake Maryse. Osapitirira. Komanso mabotolo anuwo ndi otopa, anagwirapo kale ntchito."

"Anselme amathira chonchi?"

"Aliyense amathira chonchi."

"Ndiye wanga akhala ndi thovu lofanana ndi la Anselme?"

"Mukachita mwayi."

Fernande anathokoza, n'kupita kwawo, n'kukathira makapu awiri pamene anauzidwa imodzi. Anandiuza yekha, m'maso muli gwa. "Thovu langa likaphulike kuposa lake." A Norbert atamva anagwira mutu. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero, ndipo anandiletsa kuyandikira khola lija.

Akuluakulu amati mpesa ukadzuka kumunda, vinyo amadzukanso m'botolo. Wa Fernande anadzuka ndi ukali wa mwini wake. Kunja kutangoyamba kutentha, tsiku lina masana tikudya, tinangomva phuu! Agalu anauwa. Tisanameze, phuu! phuu! Botolo likaphulika limaswa anzake oyandikana nalo, ndiye zinkangopatsirana ngati chifuwa. Ndinathamangira kumpanda n'kuona Fernande akutuluka m'nyumba atavala chijasi cha malemu, magolovesi a kumunda, ndipo kumaso atamangirira sefa ya ufa.

"Usalowemo iwe, ufa!"

"Ndikapanda kulowa afa ndi iwowo."

Analowa m'khola muja. Anatuluka atakumbatira mabotolo, magazi akuchucha pamkono pamene galasi linaboola chijasi. Chipsera chake anapita nacho kumanda. Amene anapulumuka anawaika m'ndowa n'kuwatsitsira m'chitsime kuti azizire, komabe ena anaphulikira momwemo, moti madzi athu ankanunkha vinyo mpaka nthawi yokolola.

Mudzi unapeza choseka. Ana akadutsa pakhomo pake ankafuula kuti phuu! n'kuthawa. Anselme kubala ankati, "Mlongo wanga wayambitsanso nkhondo, koma akudziwombera yekha." Tsiku lina Huguette anatumiza mabisiketi ofiira aja oviika m'shampeni, ati alamu aziviika m'chitsime. Fernande anawapatsa nkhuku.

Nthawi imeneyo n'kuti Maryse ali woyembekezera. Anabwera kudzaona mkono wa mayi ake, ndipo analira.

"Amayi, ndi dontho chabe. Mufere dontho? Amalume abweretse botolo lawolo zithe."

"Ukalola zimenezo, paubatizo sudzandiona."

"Nanga anuwo akaphulika onse?"

"Ndiye kuti Mulungu ali mbali ya Anselme, ndipo ndikamufunsa ndikakafika."

Chisanu chachiwiri chinapeza mabotolo atatu okha. Tsopano panatsala ntchito yochotsa masese, pakuti yisiti ikatha ntchito imafa n'kusanduka matope m'botolomo. Amazondotsa botolo pathabwa loboola, n'kumalipotoza pang'ono tsiku ndi tsiku, mpaka masese onse atatsikira kukhosi. Fernande anazula chitseko cha khola n'kuchiboola. M'mawa uliwonse asanapite kufakitale ankavala sefa yake n'kukawapotoza, akuwalankhula ngati ana odwala.

Chovuta ndi chomaliza. Umagwira botolo chozondoka, n'kulitembenuza uku ukutsegula, mpweya n'kulavula masese aja, iwe n'kutseka pakamwa pake ndi chala chachikulu vinyo asanathawe. Ukafulumira masese amabwerera, ukachedwa botolo limakhuthuka. Fernande anaona bambo ake akuchita zimenezi kosawerengeka, koma chala chake chinali chisanayesepo, ndipo tsopano chinali chouma ndi nyamakazi. Anayesera botolo loyamba kuseri kwa khola. Linamulumpha m'manja n'kukasweka pakhoma. Lachiwiri analigwira, koma vinyo yense anathera m'mwamba, iye n'kutsala ndi botolo lopanda kanthu, thovu likuchucha m'tsitsi. Shuga wa makapu awiri uja sankamva za chala cha munthu.

Linatsala limodzi. Mwana anabadwa, wamwamuna, anamutcha Basile. A Norbert anamumvera chisoni Fernande n'kupita okha kukamupempha.

"Amake Maryse, ndipatseni ndikutsegulireni ine, kukadali masiku. Mwina ndipulumutsako theka, tilitsekenso bwinobwino."

"Zikomo, bambo. Koma ndidzatsegula ndekha, tsiku lomwelo, anthu akuona."

"Mudzatsala ndi botolo louma pamaso pa Anselme."

"Zikatero zidzatero."

Ine ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ndi wouma mutu ngati bulu amene ankagona m'khola lakelo, kuti akutaya dontho la mwana chifukwa cha matama. Anangondiyang'ana n'kundifunsa ngati ndingamubwereke mipando.

Tsiku la ubatizo kunacha bwino. Titachoka kutchalitchi tinasonkhana pabwalo la Fernande, matebulo atayalidwa pakati pa nyumba ndi dimba la kabichi. Anselme anafika mochedwa dala, atavala suti yoyera, atanyamula botolo la khosi lagolide ngati wanyamula mwana wobatizidwayo. Huguette anali pambuyo ndi matambula awo, poopa kuti athu ndi osayenera. Maryse anakhala pampando, mwana ali pamiyendo, nkhope ili yogwa, maso akuyang'ana uku kwa mayi ake, uku kwa amalume ake.

Fernande anatuluka m'khola atagwira botolo lake chozondoka. Linalibe pepala, linalibe golide, ndipo kukhosi kwake kunkaoneka masese abulauni okhuthala ngati chala. Sefa sanavale. Anthu anabwerera m'mbuyo, amayi akukoka ana awo. A Norbert anabisala kuseri kwa ine, mwamuna wamkulu ndithu.

Anselme yekha ndi amene sanasunthe. Akanasuntha bwanji mudzi wonse ukuona? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anachita kuyandikira, n'kuwerama kuti aone bwino kukhosi kwa botololo.

"Ha! Zimenezi ndi zimene ukufuna kumwetsa mwana? Matope okhaokha. Bweretsa kuno, mlongo, ntchito iyi si ya akazi. Bambo ankadziwa chimene ankakuletsera kuphanga."

"Yandikirani, achimwene, mundione ngati ndikugwira bwino."

Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene Fernande anawakanira a Norbert. Koma sindinachenjeze munthu.

Fernande anakola chotsegulira, n'kutembenuza botolo, kukamwa kwake kutaloza pachifuwa cha mchimwene wake. Phuu! Masese onse anamumenya Anselme pachibwano n'kumwazikira m'maso, m'mphuno, m'kamwa mmene munali yasa. Pambuyo pake panabwera thovu, thovu la makapu awiri, loposadi la Anselme, ndipo linamusambitsa kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Botolo lagolide linamupulumuka n'kugubuduzika kulowa m'kabichi. Fernande anakanikiza chala chake pakamwa pa botolo, mano ali gwa, vinyo akuthawira m'mbali mwa chalacho, mpaka phokoso linatha.

Suti yoyera ija inali ngati pansi pa khola.

"Masese, achimwene," anatero Fernande. "Munati ndili nawo pakhomo. Ndakusungirani."

Ndinaseka ine, sindibisa. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, ndipo ena ananditsatira. Koma Huguette, pamene ankapukuta mwamuna wake ndi nsalu ya patebulo, anaona chimene tonse tinali tisanaone. Analanda botolo lija m'manja mwa Fernande n'kulizondotsa pamaso pa anthu. Simunatuluke kanthu.

"Mwaona? Louma! Mwataya lonse chifukwa cha nkhanza zanu, alamu. Wina atole botolo lathu m'kabichimo, mwana asakhale wopanda kwawo."

Kuseka kunatha. Maryse anayamba kusisima. Wina anapitadi m'kabichi muja.

Fernande sanayang'ane n'komwe. Anayenda kupita kwa mdzukulu wake atakweza chala chachikulu chija m'mwamba kuti chisakhudze kanthu. Chinali chonyowa, ndipo kunsonga kwake kunkalendewera dontho. Anagwada, maondo akulira, n'kuchiika pamilomo ya Basile. Mwanayo anakwinya nkhope yonse ngati akufuna kulira, pakuti vinyoyo anali wowawasa ndithu. Kenako anatsegula kukamwa n'kuyamba kuyamwa chalacho.

"Walawa," anatero bambo mfumu, wansembe amene anabatiza mwanayo. "Loyamba ndi limenelo."

Amene anatola botolo lagolide anangoliika patebulo. Ine ndinayang'ana Anselme, ndikudikira kuti atukwane. Sanatukwane. Anali chiimire pomwe paja, vinyo akutsika m'masharubu, ndipo ndinamuona akunyambita milomo. Ananyambitanso kachiwiri, pang'onopang'ono. Munthu ameneyu, ndi zoipa zake zonse, anakulira m'phanga, ndipo lilime lake linkadziwa mzere uliwonse wa paphiri paja. Nkhope yake inasintha, inaoneka yokalamba.

"Mzere wapamwamba," anatero, mawu ali pansipansi. "Wa m'mphepete mwa nkhalango. Bambo ankapatula wa mzere umenewu, tinkamwa pa Khirisimasi." Anayang'ana mlongo wake. "Fernande, latsalako lina?"

Fernande anali chigwadire, chala chili m'kamwa mwa mwana. Sanatembenuke.

"Munazula nokha, achimwene."